Telala wa kuseri kwa msika wa Ntcheu ndi mamendulo a agogo a Keyala

Amene muli ndi mamendulo a agogo kapena a bambo anu, ndipo mukufuna kuti alumikizidwe bwino n'kuvalika pachifuwa, telala alipo pa Ntcheu boma woti ntchitoyi angaigwire. Ndi mdala wina wa imvi, amakhala pakhonde kuseri kwa msika, makina ake ndi Singer yakuda yopalasa ndi phazi. Chikwangwani alibe, ndipo dzina lake sindilemba pano popeza ndinena zokoma ndi zowawa zomwe. Singano amaidziwa, apo ndiye palibe chokamba. Chimene sadziwa ndi malamulo a kavalidwe ka mamendulo, ndipo mwiniwake sabisa. Mukangofika n'kunena kuti "madala, tandisokereniko izi", mudzatenga chinthu chokongola koma chosokonekera, choti msilikali wopuma akachiona ali patali angopukusa mutu.

Athu ndi 6, a agogo obereka ababa. Analowa Keyala, King's African Rifles ija, nkhondo ya Hitler itangoyamba, ndipo anatulukamo m'zaka za m'ma 1950. Chimwalirireni iwo, mamendulowo ankangokhala m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi malisiti akale a fetereza. Mariboni anali atadyeka ndi njenjete, ena atasuluka moti sukanadziwa kuti kale unali mtundu wanji, ndipo mendulo imodzi inali yomangidwa ndi kachingwe ka thumba. Chaka chino banja linagwirizana zomanga chiliza. Ababa anati tsiku lovundukula adzawavala, ndiponso akufuna kukaima nawo ku Zomba pa Lamulungu lachiwiri la Novembala, pa chipilala cha Keyala chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Ntchito inagwera ine, paja mwana wamkazi akakhala mphunzitsi ndiye kuti chilichonse chofuna pepala ndi chake.

Musanapite n'komwe kwa telala, pezani riboni yeniyeni. Ine ndinazungulira mashopu a pa boma, ndinafunsanso pa Lizulu tsiku la msika, koma ndinangopeza mariboni a ukwati ndi omangira tsitsi. Atelala atamva anati, "Musavutike amayi, tidula timizere ta nsalu za mitundumitundu n'kulumikiza, palibe adzadziwe." Ndinakana. Riboni ya mendulo imalukidwa ili ndi mitundu yake kale, ndi yochindikala, ya timizere topingasa, ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 32. Ya nsalu zolumikiza imatupa pamsoko, ikanyowa mtundu wina umalowerera mwa unzake. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndi amene anatigulira pa intaneti, pamodzi ndi kachitsulo kolumikizirapo mamendulo, kokhala ndi pini yaitali kumbuyo, n'kupatsira munthu wobwera pa basi. Poitanitsa nenani masentimita 30 pa mendulo iliyonse, ndipo ngati thumba likulola onjezerani ina yapadera. Muona chifukwa chake kutsogoloku.

Chachiwiri ndi ndondomeko. Atelala ankafuna kuika mamendulo atatu ooneka ngati nyenyezi pakati, atatu ozungulira m'mbali, ati kuti diso likhazikike. Pa utelala ankanena zoona, koma mamendulo sayendera kukongola. A Britain anaika kale kuti uyu atsogole, uyu atsatire, ndipo kwa munthu amene akukuyang'anani, yotsogola imakhala kumanzere kwake. Pa za agogo yotsogola ndi 1939-1945 Star, imene msilikali ankalandira akakwanitsa miyezi 6 ali kumalo a nkhondo. Riboni yake ili ndi mitundu itatu yofanana kukula: buluu woderako wa ankhondo a panyanja, wofiira wa apamtunda, ndi buluu wowala wa amumlengalenga.

Yotsatira ndi Africa Star. Ambiri akaimva amaganiza za chipululu cha Egypt ndi Libya, poti riboni yake ndi yotuwa moimira mchenga, koma inkaperekedwanso kwa amene anamenya ku Somaliland ndi ku Abyssinia. Kumeneko ndi kumene anyamata a ku Nyasaland anayambira kununkhiza wonga. Bataliyoni yoyamba inakumana ndi ankhondo a Italy pa Moyale mu Julaye 1940, n'chifukwa chake barakisi ya ku Mzuzu ili ndi dzina limeneli. Yachiwiri, mmene munali agogo, inali pa Tug Argan mu Ogasiti chaka chomwecho, pamene adani anachuluka mpaka gulu lonse linabwerera ku Berbera n'kuchoka pa sitima zapamadzi.

Kenaka Burma Star, ndipo iyi ndi imene ababa amaigwira ndi manja awiri. Mu 1944 asilikali a 11th East African Division anadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, akuthamangitsa ankhondo a Japan mpaka kumtsinje wa Chindwin. Riboni yake ndi yofiira pakati, m'mbali buluu woderako wodulidwa ndi kamzere kachikasu chakupsa, kamene kamaimira dzuwa la kumeneko. Zimandiseketsa pang'ono, chifukwa agogo akayamba za Burma dzuwa sankalitchula. Nkhani inali matope, malungo, ndi misundu yolowa m'nsapato, yomwe ankaichotsa poiotcha ndi ndudu. Akafika pamenepo ankasintha nkhani, n'kufunsa ngati ng'ombe zalowa m'khola.

Pambuyo pa nyenyezi zitatuzi pamabwera Defence Medal, ya riboni yobiriwira m'mbali ndi yaolenji pakati, kenaka War Medal, imene kumbuyo kwake kuli mkango utaponda chinjoka cha mitu iwiri. Iyi inkafuna masiku 28 okha a usilikali, choncho pafupifupi aliyense wobwera kunkhondo anali nayo. Yomaliza ndi General Service Medal, riboni yapepo yokhala ndi mzere wobiriwira pakati, ndi kachitsulo kolembedwa MALAYA. Nkhondo ya m'nkhalango za ku Malaya inayamba mu 1948 n'kutha mu 1960, ndipo Keyala ya kuno inatumizidwako koyambirira kwa zaka za m'ma 1950. Zonsezi ndinazijambula papepala la m'kope, mtundu uliwonse ndi chekeni chake, n'kuwapatsa atelala. Anachiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pansonga ya mphuno, kenaka anati, "Amayi, ine ndasoka masuti a akwati, mikanjo ya abusa, mayunifomu a Mvano, koma izi n'zachilendo. Muzindiuza ndinu. Safunsa anadya phula." Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kuti ndiwasiyire ntchito. Telala wina amene ndinayamba kumufunsa anangoti "zosavuta izi" asanatsegule n'komwe chitini.

Kalumikizidwe kalipo kawiri. Kena ndi swing mounting: riboni imasokeredwa kumtunda kokha, mendulo n'kumalendewera, ukamayenda zimagundana n'kumalira. Asilikali ambiri a nthawi ya agogo ankavala motero. Kena ndi court mounting: kumbuyo kumakhala chinthu cholimba, riboni imakokedwa pamwamba pake, ndipo mendulo iliyonse imamangidwa ndi ulusi kuti isagwedere. Ine ndinasankha kachiwirika. Mamendulo a zaka zoposa 70 akhala akukandana mokwanira, ndipo nsonga za nyenyezi zija zimaboola nkhope ya mendulo yoyandikana nayo. Komanso ababa ndimawadziwa, ngoma ikangoyamba pachiliza sangakhale pampando. Iwo sanakondwe nazo. Atangoona ntchito yotha anaigwedeza pafupi ndi khutu n'kunena kuti, "Nanga bwanji sakulira? A bambo anga ankamveka ali kuseri kwa nkhokwe." Amene mukufuna kulirako, uzani telala poyamba, ndipo ntchito yake ndi yochepa kuposa iyi.

Tsiku lina ndinakhala pabenchi kuwaonerera, ndipo apa ndi pamene ndalama yanga ndinaona kumene ikupita. Makina sanawakhudze n'komwe, zonse pamanja. Anatenga nsalu yolimbitsa ija amaika m'makolala ndi m'chiuno mwa thalauzi, n'kuiphatikiza katatu, n'kuisita mpaka inauma gwa. Anaidula masentimita 16 m'litali, omwe ndi malo a mariboni 5 ogundana. Mamendulo akapitirira 5 sawandandalikanso, chifukwa angafike kukhwapa, koma amawasanjikiza pang'ono: yoyamba imaoneka yonse, yachiwiri imalowa pang'ono pansi pa yoyamba, mpaka kumapeto. Kuti kusanjikizako kukhale kofanana, analemba timizere ndi choko chosongoledwa ndi lezala, n'kuyeza kawiri asanabaye singano.

Povuta penipeni ndi pansi. Mamendulo onse amayenera kuthera pamzere umodzi, ndipo kuchokera pamwamba pa riboni kufika pansi pa mendulo pamakhala pafupifupi masentimita 10. Koma nyenyezi ndi yaitali ndipo imakolekedwa pa kamphete, pamene zozungulira zija ndi za mamilimita 36 ndipo zimakolekedwa pa kachitsulo kopingasa. Ndiye riboni iliyonse imafuna utali wakewake. Mdalayu anagoneka rula pathebulo, n'kugunditsa mamendulo onse pa rulayo, kenaka n'kumakoka riboni imodziimodzi mpaka itakhala ngwi, akuigwiriziza ndi mapini ali pakamwa. Pa kamphete ka nyenyezi anaipinda riboni mbali zonse ziwiri mofanana, moti inatsika mosongoka bwino popanda khwinya. Ulusi womangira mendulo anausankha wotuwa pa zasiliva, wachikasu pa nyenyezi, ndipo uyenera kuyandikira kwambiri kuti uuone. Guluu anali naye pawindo, ndipo nditamuloza anati, "Ayi amayi, ameneyo ndi wa nsapato. Chosokedwa mdzukulu wanu adzamasula, chomatidwa adzang'amba." Kumbuyo anatseka ndi nsalu yakuda yofewa, msoko wake waung'ono ndi wowongoka kuposa wa makina.

Tsopano zowawa.

Riboni ya Africa Star anaitembenuza. Ili ndi kamzere ka buluu woderako mbali imodzi ndi ka buluu wowala mbali inayo, ndipo woderako amayenera kukhala mbali ya mendulo yotsogola, monga zililinso pa 1939-1945 Star. Papepala zinali zolembedwa bwinobwino, koma polowetsa m'kamphete anaizondotsa, ndipo anazindikira ndine ntchito itatha kale. Sanatsutse, sanawonjezere mtengo, anamasula ulusi n'kuyambiranso. Koma riboni yoti yabayidwa kale imasiya timabowo, ndipo popinda paja pamakhala chizindikiro chosachoka ngakhale usite. Ikanapanda ija yapadera, bwenzi tikudikiranso basi ya ku Johannesburg. Mariboni a Burma Star, Defence Medal, War Medal ndi ya Malaya ndi ofanana mbali zonse, sangakuvuteni. Awiri oyambawo muwaone ndi maso anu asanabayidwe.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mnyamata wophunzira ntchito pakhondepo. Atelala atapita kukadya, iye pofuna kuthandiza anatenga kawaya kokwechera mapoto n'kuyamba kukwecha Defence Medal kuti iwale. Mwamwayi anayambira kumbuyo, kumene kuli mikango iwiri ndi chisoti chaufumu, ndipo mdala anamupeza asanafike patali. Anamukalipira mpaka amayi ogulitsa kachewere kutsidya kwa msewu anatembenuka. Koma zokandika sizibwerera, ukaipendeketsa padzuwa zimaoneka. Mendulo yakale siifuna phulusa, mchenga kapena mandimu. Madzi ofunda, sopo pang'ono, mswachi wofewa, kenaka kupukuta ndi kansalu kouma, basi. Kuderako kwa nyenyezi ndi ukalamba wake, musalimbane nako. Tsukani nokha kunyumba, ndipo pofika munene mokweza kuti onse a pakhonde amve kuti pasapezeke wokwecha.

Nthawi nayo sasunga. Ndinapita mu Seputembala sukulu zikutsegulira, mayunifomu ali mulu mpaka pawindo, ndipo "mawa amayi" ndinamumva mpaka ndinatopa. Ntchitoyi imafuna kuwala ndi mtima wokhazikika, ndiye ankangoikankhira kutsogolo. Ngati mwambo wanu uli pafupi, musapite nyengo imeneyi kapena ya maukwati.

Pali chinthu china choti musachinyozere. Mamendulo a nkhondo yachiwiri a Britain ankaperekedwa opanda dzina. Pa athu 6, ya Malaya yokha ndi imene m'mphepete mwake munadindidwa nambala ya agogo, udindo, dzina ndi zilembo za KAR. Enawo atasinthanitsidwa ndi a munthu wina, palibe chokutsimikizirani kupatula zipsera zimene mukuzidziwa nokha. Sindikunena kuti mdalayu ndi wa manja aatali, ayi, madzulo aliwonse ankawakulunga m'kansalu n'kupita nawo kunyumba m'thumba la malaya. Koma pakhonde pamadutsa anthu ambiri. Ajambuleni pafoni kutsogolo ndi kumbuyo musanawasiye.

Chimene anandidabwitsa nacho ndi jekete. Ine sindinaganizeko, koma iye anati ababa abwere nayo. Mamendulo 6 ndi olemera, ndipo pini yaitali ija ukangoibaya pansalu imakoka jekete, phewa limagwa, pakapita nthawi pamang'ambika. Iye anasoka timagonga tinayi ta ulusi wakuda pachifuwa, mumzere umodzi, toti pini izidutsamo osaboola nsalu. Mkati anaikamo kansalu kolimbitsa. Mamendulo akachotsedwa timagongato sitioneka, jekete n'kupita nayo kutchalitchi bwinobwino. Izi palibe anamuuza, ndi nzeru ya zaka zake pa ntchito, ndipo pa izi zokha ndingamutumizire munthu.

Poyeza malo a timagongato ndi pamene panabuka mkangano. Ababa analoza kumanzere, pamwamba pa thumba, ati mtima uli kumeneko. Ndinawauza kuti kumanzere n'kwa mwini mendulo, amene anapita kunkhondoko. Mwana, mdzukulu kapena mkazi wamasiye amavala kumanja, ndipo amavala pa mwambo wokumbukira kapena pamaliro, osati paukwati kapena pamsonkhano wa chipani. Ndondomeko siisintha, chimangosamuka ndi chonsecho mmene chalumikizidwira. "Iwe, ukundiphunzitsa kuvala za bambo anga?" anatero ababa. Anatilanditsa ndi atelala. Anati, "Bambo, mukavala kumanzere ku Zomba, akuluakulu a kumeneko akufunsani kuti munali bataliyoni iti, nanga muyankha chiyani?" Ababa anaseka, n'kutembenuza phewa lamanja. Kumanja kwa jekete kulibe thumba lotsogolera, choncho mdala anakoka mzere wa choko kuchokera pamwamba pa thumba lamanzere kuti timagonga tikhale pamtunda wolingana, osati pamimba monga ndimaonera ena.

Pachiliza si onse anakondwa. Azakhali anga, amene za Chingoni sasewera nazo, ananena pagulu kuti n'zachisoni Mngoni kupachika mutu wa mfumu George pachifuwa, chonsecho azungu omwewo anapha Inkosi Gomani kuno ku Ntcheu konkuno mu 1896. Anawonjezera za malipiro, ndipo apa sananame: nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira atatu ndi theka. Ababa anangoti, "Mutuwo ndi wa George, koma matope a ku Burma anaponda ndi bambo anga." Azakhali sanagonje, ndipo ine sindinalowererepo. Chimene ndinkayang'ana ine ndi msoko. Ngoma inavinidwa, ababa anaponda pansi mpaka fumbi koboo, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Okutobala, koma palibe mendulo inapendekeka kapena ulusi unaduka.

Za mtengo, anayamba ndi K20,000, tinagwirizana K15,000, kuphatikizapo timagonga ta pajekete ndi kubwereza kuja. Mmene zinthu zikukwerera musadabwe mukapeza zasintha. Mariboni ndi kachitsulo zinadya ndalama zambiri kuposa telala. Poona maola amene anakhala atawerama, ine ndinaona kuti wadzidyera yekha masuku pamutu, ndipo ndinawonjezerapo ya sopo.

Asilikali amene mudakali pantchito, monga anyamata athu obwera ku Congo ndi mendulo ya United Nations, yambani mwafunsa kubarakisi kwanu, chifukwa kavalidwe ka yunifomu ya Malawi Defence Force kali ndi malamulo ake ndipo mdalayu sawadziwa. Iye ndi woyenera ife a m'midzi amene tasungira za makolo. Pitani m'mawa, khonde lake limalowa dzuwa bwino isanakwane 10 koloko, ndipo Lamulungu satsegula.

Pepala langa lija analikhomera pakhoma pafupi ndi kalendala, ndipo akukuonetsani monyadira mukangotchula mamendulo. Musalidalire. Linalembedwera athu 6 okha. Ngati agogo anu anamenya nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918, ija makolo ankaitcha ya Chiwaya, mamendulo ake ndi ena ndipo amatsogola onsewa: 1914-15 Star, British War Medal, kenaka Victory Medal ya riboni ya mitundu ya utawaleza. Amenewo ali ndi dzina la mwiniwake, nyenyezi kumbuyo, enawo m'mphepete. Lembani pepala lanu, mupite nalo.